Sir Basil Spence (1907–1976): Mmisiri wa Mapulani Amene Nkhondo Idamudulira Ntchito Pakati

Pamene dziko la Britain lidalowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu Sepitembala 1939, Basil Spence adali ndi zaka 32. Adali mmodzi mwa akuluakulu awiri a kampani yakale ndiponso yolemekezeka yolemba mapulani a nyumba mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, adali atamanga banja, ndipo m'tauni ya Kilsyth amisiri adali atayamba kale kumanga sukulu yaikulu imene iye adailembera mapulani. Ntchito ya sukuluyo idaima, ndipo siidathe kufikira chaka cha 1954. Mwini wakeyo adavala yunifolomu ya usilikali, nakhala zaka zisanu ndi chimodzi osamanga nyumba yoti munthu n'kugonamo. Ambiri amamudziwa mmisiriyu chifukwa cha tchalitchi chachikulu cha ku Coventry, chimene chidamumveketsa dziko lonse atakula kale. Koma amene afuna kumvetsa tchalitchicho ayenera kuyamba waona kumene munthuyu adachokera, aphunzitsi amene adamusula, ndi zimene maso ake adaona m'zaka zimene nkhondo idamulanda.

Basil Urwin Spence adabadwa pa 13 Ogasiti 1907 mumzinda wa Bombay, umene lero ukutchedwa Mumbai, m'dziko la India. Bambo ake, a Urwin Spence, ankagwira ntchito kunyumba yosulirako ndalama za boma, ndipo udindo wawo udali woyesa golide ndi siliva kuti zidziwike ngati zili zenizeni kapena zosakaniza. Mizu ya banjali idali kuzilumba za Orkney, kumpoto kwenikweni kwa Scotland, koma mwanayu adatsekula maso m'dziko la dzuwa loswa mtengo ndi mvula ya mkokomo. Maphunziro oyamba adachitira pa John Connon School, sukulu imene inkayendetsedwa ndi bungwe la anthu a ku Scotland okhala mu Bombay. M'chaka cha 1919, ali ndi zaka 12, adamutumiza kwawo kwa makolo kuti akapitirize sukulu pa George Watson's College ku Edinburgh.

Mnyamatayu adafika mumzinda wamiyala yotuwa, wa utsi wa malasha ndi mphepo yoluma, umenenso udali usanapukute misozi. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse idali itangotha chaka chapitacho, ndipo sukulu imene adalowayo idali itataya mazanamazana a anyamata ake akale. M'zaka zotsatirazo panalibe mudzi wa ku Scotland umene sudaimike mwala wolembapo maina a ana ake osabwerako. Chikumbutso chachikulu cha fuko lonse, chimene adalemba Sir Robert Lorimer, chidatsekulidwa m'linga la Edinburgh Castle mu 1927, Spence ali kale mwana wa sukulu ya zomangamanga mumzinda womwewo. Mbadwo wake udaphunzira ntchito pa nthawi imene akatswiri akuluakulu a m'dzikomo adali otanganidwa ndi kumangira akufa.

Adalowa ku Edinburgh College of Art mu 1925. Poyamba mtima wake udali pa kujambula ndi kusema, koma posakhalitsa adasamukira kuchigawo cha zomangamanga. Mkulu wa chigawocho adali John Begg, munthu amene adakhala zaka pafupifupi makumi awiri akulembera boma la India mapulani, ndipo ndiye adalemba positi ofesi yaikulu ya mu Bombay. Choncho mnyamata wobadwira ku Bombay adapezeka akuphunzitsidwa ndi munthu amene nyumba yake idaima mumzinda wa ubwana wake. Maphunziro a masiku amenewo adali a thukuta. Wophunzira ankapita kumatchalitchi akale ndi kumalinga a mafumu atanyamula tepi, makwerero ndi kope, nayesa khoma lililonse, chitseko chilichonse, ngakhale kupindika kwa mwala wa pamwamba pa zenera, kenako nabwerera kukalemba zonsezo mwaukhondo papepala lalikulu. Mwambo umenewu adaulimbikitsa ku Scotland ndi Sir Robert Rowand Anderson, amene ankakhulupirira kuti mmisiri wosadziwa mmene makolo ake ankaumbira khoma sangamange chatsopano cholimba. M'mera mpoyamba. Spence adadzatchuka ngati mmisiri wa zamakono, koma chikondi cha mwala wakale chimene adachitola m'zaka zimenezi sichidamuchoke mpaka imfa.

Mphatso imene idamusiyanitsa ndi anzake kuyambira chaka choyamba idali dzanja. Pulani ya nyumba ndi chinthu chouma: mizere, manambala ndi zizindikiro zimene amamva ndi amisiri okha. Mwini ndalama sazimva. Iye amafuna kuona nyumba yake monga idzaonekere ikadzatha, ndi mitengo pabwalo, mitambo kumwamba, ndi anthu akulowa pakhomo. Spence ankatha kulemba chithunzi chotere msanga, ndi makala kapena choko chamitundu, mwakuti woona ankayamba kuilakalaka nyumba imene ngakhale maziko ake adali asanakumbidwe. Luso limeneli lidamupezera thandizo la ndalama za sukulu ndi mphoto zingapo. Lidamudyetsa m'zaka za njala ya ntchito, lidamupambanitsa mipikisano, ndipo pambuyo pake lidapatsanso adani ake chomunenera, chifukwa iwo ankati zithunzi zake zinkaposa nyumba zake.

Mu 1929 adapita ku London limodzi ndi mnzake wa pasukulu, William Kininmonth, kukakhala chaka chimodzi mu ofesi ya Sir Edwin Lutyens, amene pa nthawiyo adali mkulu wa onse pa ntchitoyi m'dziko la Britain. Lutyens adali kumaliza nyumba ya bwanamkubwa wamkulu wa India ku New Delhi, chinyumba cha zipinda 340 chimene lero amakhalamo pulezidenti wa dzikolo, ndipo Spence adaikidwa pa gulu lolemba zojambula za nyumbayo. India adamutsatanso kachiwiri. Madzulo akaweruka ankapita kukamvera maphunziro a Albert Richardson ku Bartlett School. Kwa Lutyens adaphunzira chinthu chimene mabuku saphunzitsa bwino: kuti nyumba yaikulu ili ngati ulendo, ndipo mmisiri ndiye amasankha chimene mlendo aone poyamba, chimene chibisike kufikira atakhota pangodya, ndi pamene aime chilili ndi kudabwa. Tisaiwale kuti Lutyens yemweyo ndiye adalemba Cenotaph, chikumbutso cha akufa a nkhondo chimene chili pa Whitehall ku London, ndiponso kuti m'chaka chimenecho chipilala chake cha ku Thiepval ku France chidali chikumangidwa, chokhala ndi maina oposa 72,000 a asilikali amene mitembo yawo siidapezeke.

Atabwerera ku Edinburgh mu 1930 kudzamaliza chaka chotsiriza, akuluakulu a koleji adamupatsa ntchito yophunzitsa anzake iye akadali wophunzira, ndipo adapitiriza kuphunzitsa kumeneko mpaka 1939. Adamaliza maphunziro mu 1931. Chaka choipa kuposa chimenecho choyambira ntchito ya zomangamanga chikadavuta kuchipeza. Chuma cha dziko lonse lapansi chidali chitagwa, mafakitale a ku Scotland adali kutseka, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ntchito yomanga sitima yaikulu imene idadzatchedwa Queen Mary idaima ku Clydebank, chigoba chake n'kukhala chikuchita dzimbiri kwa zaka zoposa ziwiri. Pa nthawi yotereyi anyamata awiriwa, Kininmonth ndi Spence, adatsekula kampani yawo. Adapatsidwa kachipinda m'nyumba ya kampani ya Rowand Anderson & Paul pa 16 Rutland Square, m'mene mudali desiki imodzi ndi telefoni, ndipo chuma chawo chonse chidali ntchito ziwiri za nyumba zogona zimene Kininmonth adazipeza. Ntchito ikasowa, Spence ankalembera akatswiri ena zithunzi za nyumba zawo, iwo n'kumakakopa nazo eni ndalama.

Pang'onopang'ono zinthu zidayamba kuyenda. Mu 1933 adalemba Southside Garage mumsewu wa Causewayside, malo omwetsera mafuta galimoto okhala ndi mawindo aatali chopingasa ndi makoma oyera, ndipo nyumbayo ilipobe. Awiriwa adamanganso nyumba zogona zingapo za denga lafulati, zimene mumzinda wa miyala yakuda ngati Edinburgh zinkaoneka ngati alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Mu 1933 momwemo Spence adapata mphoto ya Pugin Studentship. Mu 1934 adakwatira Mary Joan Ferris wa ku Tiverton m'chigawo cha Devon, ndipo kampani yawo yaing'ono idalowa m'kampani yaikulu ya Arthur Balfour Paul, mwini nyumba amene adawabwereka kachipinda kaja.

Nyumba zitatu zakumudzi zimene adalembera anthu achuma kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndizo zimaonetsa bwino mmisiri amene Spence adali nkhondo isanayambe. Broughton Place, pafupi ndi Biggar, adailembera Pulofesa Thomas Elliott ndi mkazi wake. Ndi nyumba yaitali ya nsanja zozungulira ndi denga losongoka, yofanana kwambiri ndi malinga a mafumu a ku Scotland a zaka za m'ma 1600, mwakuti mlendo wosadziwa angalumbire kuti yaima pamenepo zaka mazana atatu. Quothquan, m'chigawo cha Lanarkshire, adailembera phungu wa nyumba ya malamulo Alexander Erskine-Hill, ndipo nayonso idatsata kamangidwe ka makolo. Koma Gribloch, pafupi ndi Kippen, imene adailembera John Colville wa banja la eni mafakitale a zitsulo, ndi nyumba yoyera ya makoma okhotakhota ndi magalasi aakulu oyang'ana kumapiri, yokhala ndi dziwe losambiramo, ngati ya m'kanema wa ku America. Nyumba zitatuzi zidachoka m'dzanja limodzi pa zaka zosakwana zisanu. Wina angayamikire kuti mnyamatayu ankatha chilichonse, ndipo n'zoona. Koma tinganenenso mosamunyoza kuti adali ngati bilimankhwe, wotenga mtundu wa nthambi imene wakhalapo. Adali ndi luso lonse, koma chinthu chakechake choti anene ndi lusolo adali asanachipeze.

Mu 1938 mzinda wa Glasgow udachititsa chionetsero chachikulu cha maiko a ufumu wa Britain ku Bellahouston Park, pofuna kudzutsa malonda amene adagona. Mfumu George VI idachitsekula mu Meyi, ndipo ngakhale mvula idavuta chilimwe chonsecho, anthu oposa 12 miliyoni adalowa pazipata kudzaona zodabwitsa, kuphatikizapo chifaniziro cha mathithi a Victoria Falls. Mkulu wa akatswiri a mapulani adali Thomas Tait, ndipo Spence adagwira naye ntchito pa nyumba zoonetsera za Scotland, nalembanso yekha nyumba ya kampani ya ICI ndi nyumba yachitsanzo yakumudzi. Ntchito ya chionetsero ili ndi malamulo akeake. Zomanga zake ndi za chitsulo chopepuka ndi mabolodi, zimamangidwa msanga, ziyenera kugwira diso la munthu wotopa amene waona kale zinthu zambirimbiri, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi zimaphwasulidwa. Spence adaikonda ntchitoyi ndipo idamuyanja. Chionetserocho chisanatseke mu Okutobala, atsogoleri a ku Ulaya adali atakumana kale ku Munich kuyesa kumunyengerera Hitler, ndipo m'mapaki a mizinda ya Britain anthu adali kukumba maenje obisalamo.

Balfour Paul adamwalira m'chaka chomwecho cha 1938, kusiya kampani m'manja mwa Kininmonth ndi Spence. Apa ndiye kuti khomo lidali litatseguka. Pa ntchito ya zomangamanga munthu amachedwa kukhwima, chifukwa palibe amene amapereka ndalama za chipatala kapena sukulu kwa mnyamata wongochoka kumene ku koleji. Zaka zimene mmisiri amachoka pa nyumba za anthu n'kuyamba kulandira ntchito za boma ndi za mizinda ndi za pakati pa 30 ndi 40, ndipo Kilsyth Academy idali ntchito yoyamba yaikulu ya mtundu umenewo kwa Spence. Nkhondo idadya zaka zimenezo ndendende.

Atalowa usilikali mu 1939 ndi udindo wa lefutenanti wamng'ono, akuluakulu adaona kuti munthu wa diso lotere ngwofunika pa ntchito yobisa zida ndi kuphimba adani m'maso. Sukulu ya ntchitoyi idali m'linga lakale la Farnham Castle m'chigawo cha Surrey, ndipo kudasonkhana gulu la anthu limene pa nthawi ya mtendere silikadakhalira pamodzi: ojambula zithunzi monga Roland Penrose, okonza mabwalo a zisudzo, wamatsenga wa pasiteji Jasper Maskelyne, ndi katswiri wa zinyama Hugh Cott, amene adafufuza mmene nyama zakutchire zimabisalira ndi maonekedwe a khungu lawo. Phunziro lalikulu la kumeneko lidali kuganiza monga munthu wa m'ndege. Kuchokera kumwamba, chimene chimaulula mfuti yaikulu kapena galimoto si mtundu wake kwenikweni ayi, koma mthunzi wake, mizere yake yowongoka imene chilengedwe sichipanga, ndi njira zimene matayala ndi mapazi asiya mu udzu. Munthu amene adaphunzira kwa zaka khumi kuonetsa nyumba ndi kuwala ndi mthunzi tsopano adayenera kutembenuza nzeru yomweyo kuti zinthu zizimirire. M'gulu la obisa zida lomweli adadziwana ndi wojambula wochokera ku New Zealand, John Hutton, ndipo ubwenzi wawo udadzabala zipatso patapita zaka.

Kubisa chimene chilipo ndi theka chabe la ntchitoyi. Theka linalo ndi kuonetsa chimene kulibe. Pokonzekera kuoloka nyanja kukamenyana ndi Ajeremani ku France mu 1944, akuluakulu a nkhondo adakonza chinyengo chachikulu chotchedwa Operation Fortitude. Cholinga chidali chakuti Ajeremani akhulupirire kuti adani awo adzatsikira ku Pas de Calais, pamene nyanja ili yopapatiza, osati ku Normandy. Padapekedwa gulu lankhondo lathunthu limene kudalibe, lokhala ndi mauthenga ake a wailesi, mabwato ake abodza, ndi mtsogoleri weniweni woopedwa, General Patton. Gulu lotere limafuna mafuta, choncho pafupi ndi Dover padamangidwa malo abodza osungira mafuta, a matanki, mapaipi ndi madoko, zonse za matabwa, mabolodi ndi nsalu. Amene adalemba mapulani ake ndi Spence. Mwana wa munthu amene ankakhalira kusiyanitsa golide weniweni ndi wabodza adalemba chimodzi mwa zomanga zabodza zazikulu za nkhondo yonseyo. Akatswiri a mbiri amati chimene chidawapusitsa kwambiri Ajeremani ndi akazitape awo amene adatembenuzidwa ndi mauthenga a wailesi aja, popeza ndege zawo zozonda zinkafika mwa apo ndi apo. Komabe chinyengo chonsecho chidagwira, ndipo magulu amphamvu a Ajeremani adakhala ku Pas de Calais milungu yambiri akudikira adani amene sadabwere.

Spence sadatsalire kumbuyo ndi mapepala. Pa 6 Juni 1944 adatsika pagombe la Normandy limodzi ndi gulu la 3rd Infantry Division, pamalo amene asilikali adawatcha Sword. Kuseri kwa gombelo kuli midzi ya Ouistreham ndi Hermanville, ndipo uliwonse uli ndi tchalitchi chamiyala cha zaka mazanamazana. Asilikali a Germany odziwa kuwombera patali adabisala m'nsanja za matchalitchiwo, ndipo panalibe njira ina yowatulutsira koma kuti akasinja a Britain alunjike mizinga yawo pa nsanjazo. Spence adaziona ndi maso ake. Kwa msilikali wina aliyense imeneyo idali nsanja chabe yobisalamo mdani. Kwa munthu amene adathera unyamata wake pamakwerero akuyesa miyala yotere ndi tepi, amene ankadziwa kuti mwala umodzi wa pazenera udatengera mmisiri masiku angati kuusema, kudali kuona ntchito ya mibadwo ikusanduka fumbi m'kanthawi kochepa, ndipo oiwonongawo adali a mbali yake yomwe. Iye mwini adadzalemba m'buku lake la 1962, Phoenix at Coventry, kuti m'masiku amenewo, ali m'dzenje lobisalamo, mnzake adamufunsa chimene ankalakalaka kudzachita akadzapulumuka, ndipo adayankha kuti ankafuna kudzamanga tchalitchi chachikulu. Lidali yankho lodabwitsa kuchokera kwa munthu amene mbiri yake idali ya garaja, nyumba za anthu olemera ndi misasa ya chionetsero.

Adatuluka usilikali mu Sepitembala 1945 ali ndi udindo wa meja, dzina lake litatchulidwa kawiri m'malipoti oyamikira asilikali. Adali ndi zaka 38. Adabwerera kwa Kininmonth kwa kanthawi, koma mu 1946 adapatukana, ndipo adatsekula kampani yake, Basil Spence & Partners, pa 40 Moray Place ku Edinburgh, mothandizana ndi Bruce Robertson. Nkhondo idali itatha, koma kwa amisiri mavuto ake adapitirira. Matabwa, zitsulo ndi njerwa zinkagawidwa ndi boma, ndipo munthu sankamanga chinthu chachikulu popanda chilolezo, lamulo limene lidakhalapo mpaka 1954. Ntchito imene idalipo yambiri idali ya zionetsero, popeza boma linkafuna kulimbitsa anthu mitima ndi kukopa ogula akunja. Spence adatsogolera ntchito ya mapulani pa chionetsero cha Britain Can Make It ku London mu 1946 ndi cha Enterprise Scotland mu 1947, adalandira ulemu wa OBE mu 1948, ndipo mu 1951 adalemba nyumba yoonetsera za nyanja ndi sitima pa Festival of Britain. Adamangako nyumba za asodzi ku Dunbar, zimene zidayamikiridwa chifukwa chogwirizana ndi doko lakale. Koma atapitirira zaka 40, ambiri ankamudziwabe ngati munthu wa zomanga zongokhala miyezi yochepa, ndipo iye ankadziwa kuti dzina lotere likakumatirira silichoka msanga.

Tchalitchi chimene ankachilota chidali chitapsa kale iye asanachitchule m'dzenje muja. Usiku wa pa 14 Novembala 1940 ndege za Germany zidaphulitsa mzinda wa Coventry, n'kupha anthu oposa 500. Tchalitchi chachikulu cha Mikayeli Woyera, chomangidwa m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, chidapsa denga lonse. Padatsala makoma akunja ndi nsanja ya mamita pafupifupi 90. Mtsogoleri wa tchalitchicho, Richard Howard, adalengeza kuti chidzamangidwanso, ndipo kuti chidzakhala chizindikiro cha kukhululuka, osati kubwezera. Mapulani oyamba, a Sir Giles Gilbert Scott, adakanidwa, ndipo mu 1950 padaitanidwa mpikisano. Spence adapita kukaona bwinjalo, ndipo ataima pakati pa makoma opanda dengawo adatsimikiza mtima kuti sayenera kugwetsedwa. Pa mapulani 219 amene adaperekedwa, ake ndiwo adasankhidwa mu Ogasiti 1951.

Aliyense wodziwa mbiri taifotokozayi akalowa m'tchalitchicho amazindikira kumene chinthu chilichonse chidachokera. Bwinja lakale lidasiyidwa monga lidalili, lopanda denga, ndipo tchalitchi chatsopano chidamangidwa chopingasa pambali pake, zonse ziwiri n'kulumikizidwa ndi khonde lalitali. Ameneyo ndi mwana wa sukulu woyesa miyala uja, ndiponso msilikali wa ku Ouistreham. Makoma ake ndi a mwala wofiirira wogwirizana ndi wakalewo. Pakati pa chakale ndi chatsopano pali khoma lonse lagalasi, pamene John Hutton, mnzake wa kunkhondo, adagoba angelo ndi oyera mtima 66, kotero kuti wopemphera m'kati akacheuka amaona bwinja kudzera mwa iwo. Makoma a m'mbali adapindidwa ngati mano a sowo, mawindo ake amitundumitundu n'kuyang'ana kuguwa. Munthu polowa saona mawindowo konse. Amaona makoma osalala ndi nsalu yaikulu yolukidwa ya Graham Sutherland, yaitali mamita pafupifupi 23, yoonetsa Khristu mu ulemerero. Akafika kuguwa n'kutembenuka, mitundu yonse ija imamugwera kamodzi. Kumeneko ndi kuyendetsa mlendo kwa Lutyens, ndi nzeru ya wokonza zionetsero, ndiponso luso la ku Farnham lodziwa chimene diso liona ndi chimene siliona kuchokera pamene munthu waima. Otsutsa ena adati tchalitchichi ndi chionetsero chabe chovala mwala. Mawuwo ali ndi kachoonadi kake, koma amaiwala kuti matchalitchi aakulu akale nawonso adamangidwa kuti aphunzitse anthu kudzera m'maso.

Kupambana mpikisano sikudamubweretsere mtendere. Okonda zakale adati mapulaniwo ngachilendo, okonda zamakono adati ngamantha, ndipo makalata onyoza adafika ochuluka. Eni ntchito ena adaganiza kuti munthu womanga tchalitchi chachikulu alibenso nthawi ya iwo, mwakuti kwa nthawi yaitali kuofesi kwake sikudabwere ntchito yatsopano ndipo kampani idatsala pang'ono kugwa. Khonsolo ya mzinda wa Coventry nayo idatsutsa, ponena kuti anthu adali kusowa nyumba ndi sukulu, ndipo dandaulo limenelo silidali lopanda pake. Chilolezo chomanga chidaperekedwa mu 1954. Mfumukazi Elizabeth II idaika mwala wa maziko pa 23 Malichi 1956, ndipo tchalitchi chidapatulidwa pa 25 Meyi 1962, patapita zaka 18 chichokere m'dzenje la ku Normandy. Patangotha masiku asanu, nyimbo ya Benjamin Britten yolira akufa a nkhondo, War Requiem, idaimbidwa koyamba m'menemo.

Pofika nthawi imeneyo ulemu udali utamupeza. Adakhala pulezidenti wa bungwe la akatswiri a mapulani la Royal Institute of British Architects kuyambira 1958 mpaka 1960, adalandira dzina la Sir mu 1960 ndi Order of Merit mu 1962. Ntchito zidachuluka: yunivesite ya Sussex, bwalo la ndege la Glasgow, ofesi ya kazembe wa Britain ku Rome, ndi maganizo oyamba a nyumba ya boma yotchedwa Beehive ku Wellington. Si zonse zidamukomera. Nyumba zosanjikizana zimene adalembera anthu a ku Gorbals mu Glasgow zidavuta ndi chinyontho ndi kusowa chisamaliro, ndipo zidagwetsedwa mu 1993. Spence adamwalira pa 19 Novembala 1976 kunyumba kwake ku Yaxley m'chigawo cha Suffolk, ali ndi zaka 69. Adaikidwa m'manda a pa Thornham Parva, pambali pa katchalitchi kakang'ono kakale kamiyala, kofolera ndi udzu.